Mphika wa Ndalama za Aroma wa ku Makhanga

Chaka choyamba, ku Ndamera

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, mulibe china koma ndewu. Sukulu ndinalekera Sitandade 6 nditakankhana ndi mphunzitsi. Ntchito yodula nzimbe ndinagwira miyezi inayi yokha, kenako ndinaponyera kapitawo chikwanje pamapazi chifukwa ankati mzere wanga sunathe pamene ine ndinali nditaumaliza. Ndinakhala chaka chathunthu pakhomo, anthu akundithawa, mpaka atsibweni anga a Fombe, mlongo wa amayi, ananditenga. Iwo anali kapitawo pa kampani ina yoika mapampu otunga madzi mu Shire kupititsa m'minda, ndipo injiniya wa kampaniyo ankafuna munthu womuphikira ndi kumuchapira. Tili m'njira atsibweni anandiuza mawu awa: "Iwe Zuze, ntchito iyi ndakupemphera ndi nkhope yanga. Ukakaswa mbale imodzi ndi mtima wakowo, usadzapondenso pakhomo panga."

Injiniyayo anali Mtaliyana wamfupi, wamimba, ndipo anthu anamutcha Bwana Thukuta chifukwa kutentha kwa kwathu kuno sanakuzolowere mpaka tsiku lochoka. Malaya ankasintha katatu pa tsiku, wochapa ndili ine. Chichewa ankalankhula bwino, koma akakwiya chinkamuthawa. M'nyumba yake ya malata munalibe katundu wambiri, kupatula kabokosi ka thabwa kokhala ndi timadilowa. Mudilowa iliyonse munali timaenje toyala nsalu, ndipo m'kadzenje kalikonse munagona kandalama kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kakuda, kokhotakhota m'mbali. Ine nditaona koyamba ndinangoti mumtima, mzungu uyu ndi wauve.

Sabata lachitatu bwana anapita kumtsinje nasiya tindalama tisanu patebulo. Tsono kwathu poto wakuda ndi manyazi a nyumba. Amayi ankakwecha mapoto ndi mchenga wa kumtsinje ndi phulusa mpaka munthu kudziona nkhope, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti chitsulo chabwino ndi chowala. Ndinatenga phulusa, mchenga ndi ndimu, ndinakhala pakhonde ndi kukwecha titatu mpaka tinawala ngati supuni yatsopano. Ndinatiika m'sosala, n'kumadikira kuyamikiridwa.

Bwana atafika anayang'ana m'sosala muja, anagwira mutu, anakhala pansi pasimenti penipeni. Kenako anayamba kukalipa m'chinenero chakwawo. Magazi anandikwera. Ndinavula epuloni ndi kuiponya patebulo, ndinamuuza kuti ngati kuyeretsa ndi mlandu afune wina woti azimudetsera zinthu, ine ndapita. Ndinafikadi pageti. Chimene chinandiimitsa ndi mawu aja a atsibweni, chifukwa kuchoka pamenepo ndinalibenso kolowera. Ndinaima padzuwa mwina ola lathunthu, osalowa, osatuluka.

Bwana ndiye anandiitana. Anali atagwira galasi lokulitsa zinthu, ndipo anandiuza kuti ndiyang'ane kandalama kamodzi mwa tiwiri tomwe sindinatikhudze. Ana anga, m'kanthu kakuda kaja munali munthu. Tsitsi lake linkaoneka limodzilimodzi, diso, khwinya la pakhosi, nkhata ya masamba pamutu, ndi zilembo kuzungulira m'mbali. Kenako anandipatsa kamene ndinakwecha. Nkhope inali mizeremizere ngati munda wopita khasu. Anandifotokozera kuti izi ndi ndalama zasiliva za Aroma, dzina lake dinari, zosulidwa zaka pafupifupi zikwi ziwiri zapitazo, ndipo kuda kuja sikunali litsiro koma chikopa chimene siliva amavala akakalamba. Chinatenga mibadwo kuti chikhalepo, ine ndinachichotsa masana amodzi, pamodzi ndi theka la mtengo wake. Aroma ndinkangowamva kutchalitchi, sindinkadziwa kuti zinthu zawo munthu angazigwire ndi manja ku Ndamera. Ndinamufunsa ngati andichotsa ntchito. Anati ayi, chifukwa pokwecha ndinalowa mpaka m'kati mwa chilembo chilichonse, ndiye kuti maso ndili nawo, ndipo ake ayamba kutopa.

Zaka za ku Makhanga

Mapampu a ku Ndamera atatha tinasamukira ku Makhanga, kumene tinakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Kumeneko ndi kumene ndinakwatira mayi anu, ndiponso kumene ndinaphunzira ntchito imene sinalembedwe pa kalata yanga. Madzi akasefukira tinkakhala ngati pachilumba. Dizilo ankatha, mapampu n'kuima, zitsulo zosinthira zinkabwera pabwato patatha milungu, shuga weniweni tinkamusowa tikuona nzimbe ndi maso. Amuna ena masiku amenewo ankangosewera bawo. Ine ndi bwana tinkakhala pakhonde masana, kabokosi pakati.

Ndalama zatsopano ankamutumizira mbale wake kuchokera kwawo, zina zikadali ndi dothi louma la m'munda momwe zinafukulidwa. Kuchotsa dothilo inali ntchito yanga. Madzi a pamjigo sitinkagwiritsa ntchito chifukwa a kuno ndi amchere, choncho ndinkatchera madzi a mvula m'mabotolo. Ndalama inkagona m'madzimo masiku angapo, kenako ndinkatokosa dothi pang'onopang'ono pansi pa galasi. Bwana anali ndi timitengo take togula, koma titatha ine ndinabweretsa minga ya mthethe, ndipo anapeza kuti ndi yabwino kuposa take: imalowa pakati pa zilembo koma siliva siyikanda. Munthu amene ndinkaponya chikwanje ndinkatha masiku atatu pa khutu limodzi la mfumu. Mayi anu ankaseka kuti mtima wanga wonse wabwino ndimautha pa akufa, iwo n'kumalandira zotsala.

Mayina a mafumuwo ankandivuta lilime, ndiye ndinawapatsa anga. Panali Wamphuno, panali Chindevu, panali Khosi la Kakowa, ndi mayi wina amene ndinkamutcha Namaluko chifukwa cha tsitsi lake lolukidwa mizere. Bwana ankayala ndalama khumi nkhope zikuyang'ana m'mwamba, ine n'kumatchula mmodzimmodzi, iye n'kumayankha ndi dzina lenileni kwinaku akuseka mpaka kutsokomola. Anandiphunzitsa kuti zilembo za m'mbali zimanena dzina la mfumu ndi maudindo ake, ndipo nthawi zina maudindowo amaulula chaka cha ufumu wake. Kuseri kunkakhala mayi wonyamula sikelo, kapena akavalo okoka ngolo, kapena chiwombankhanga, ndipo chilichonse chinali ndi tanthauzo. Chinenerocho sindinachidziwe, koma zilembo ndinazisunga m'mutu monga munthu amasungira nkhope za ng'ombe zake.

Analinso ndi kachitini ka ndalama zabodza kophunzitsira. Ankazisakaniza ndi zenizeni kuti ndizisankhe. Yabodza yothira m'chikombole imakhala ndi kamzere m'mphepete momwe mbali ziwiri zinakumana, timaenje tating'ono ngati thovu louma, ndipo zilembo zake zimaoneka zofewa ngati zasungunuka. Koma lamulo lalikulu linali ili: Aroma ankasula ndalama imodziimodzi ndi nyundo, choncho ngakhale chidindo chikhale chimodzi, sizingafanane ziwiri pa chilichonse. Ina nkhope imapendekera uku, ina imang'ambika m'mphepete apa. Ukaona ziwiri zofanana mpaka mng'alu, dziwa kuti zatuluka m'chikombole chimodzi.

Bwana anali ndi loto lake limene ankalibwereza mpaka ine kutopa nalo. Ankati amalonda akale ankakwera Zambezi ndi Shire ndi mikanda ndi nsalu, ndiye n'chiyani chingaletse dinari imodzi kudutsa m'manja ambiri mpaka kufika kuno? Ngalande iliyonse imene anthu ankakumba ankapita kukasuzumira. Sanapezepo kanthu koma mapale ndi zigoba za nkhono.

Chaka chomaliza cha bwana, ku Mbenje

Titafika ku Mbenje bwana anali atakalamba. Diso limodzi linachita ng'ala, manja ankanjenjemera, ndipo analengeza kuti mvula ikatha akubwerera kwawo. Kampani nayo inati ichepetsa anthu. Mumve bwino apa: wophikira bwana, bwanayo akachoka, ntchito yake yatha. Panali malo amodzi okha amene ndikanalowa, a wosunga sitolo ya zitsulo, ndipo mndandanda wa otsala ankalemba anthu awiri, bwana ndi kapitawo wamkulu, amene tsopano anali atsibweni a Fombe. Mayi anu anali oyembekezera mwana wachitatu, munda wathu wa ku Makhanga unali utakwiririka ndi mchenga. Zonse zinali pa mndandanda umenewo, ndipo anthu awiri oulembawo onse anali anga. Ndinkagona tulo.

Lolemba lina m'mawa atsibweni anabwera kunyumba ya bwana atanyamula kamphika kosweka kukamwa, kokulunga m'thumba la feteleza. Anati msodzi wina wa ku Makhanga anakapeza pagombe pamene madzi anagumula. M'katimo munali matope akuda ndi tindalama toposa makumi atatu. Bwana anatola kamodzi, anakayandikitsa pa diso lake labwino, ndipo anayamba kulira ngati mwana. Anakumbatira atsibweni, anandikumbatira ine, anati loto lake lakwaniritsidwa. Anati Loweruka akatenga ndalama kubanki agule mphika wonse, ndipo alembera akatswiri a kwawo kuti dziko lonse limve. Ine anandipatsa zisanu ndi zitatu kuti ndiziviike.

Dothi linachoka tsiku lomwelo, losafuna ndi munga womwe. Dothi la zaka zikwi silichoka choncho. Ndinanunkhiza madzi, munali fungo la khola la ng'ombe. Nditaika pansi pa galasi ndinapeza Chindevu atatu, onse nkhope yopendekera kumanzere, onse ndi mng'alu umodzimodzi pansi pa chibwano. Ndinazitembenuza cham'mbali, kamzere kaja kanalipo, atakakhutiza ndi tupa. Ndinakhala pansi m'khitchini.

Mwambo wathu mukuudziwa, mwana sayalutsa atsibweni ake pamaso pa mlendo. Choncho ndinapita kaye kwa iwo madzulo dzuwa lisanalowe, ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa nimu. Ndinakhala pansi, ndinaomba m'manja, ndinafotokoza zonse mwaulemu umene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Anandimvetsera osasiya kusoka. Kenako anandiuza kuti mphikawo anaugula ndi ng'ombe yawo yaikazi, ndipo msodziyo analumbira pamaso pawo kuti anaupezadi pagombe.

"Atsibweni, akunamizani. Bwererani mukatenge ng'ombe yanu isanawoloke."

"Iwe mphale, kamnyamata ka Sitandade 6, waposa mzungu mwini ndalama? Iye walira misozi, iwe ukuti fungo la khola."

"Iye saona, atsibweni. Maso ake ndine."

Anaika ukonde pansi. Anati ndikumbuke amene ananditola pamene mudzi wonse unkanditseka zitseko. Anati ntchito yanga ndi kutsuka, nditsuke ndikhale chete, ndipo dzina langa lili kale pa sitolo. Ndikatsegula pakamwa, adzalifufuta ndi dzanja lawo.

Masiku atatu ndinayenda ngati wodwala. Mayi anu anati chete sapha munthu, mzungu ali ndi ndalama zambiri ndipo akupita. Zinali zoona. Koma ndinkati ndikaona mdala uja akulemba kalata yake, akufufuta, akulembanso, akuimba nyimbo zakwawo, chakudya chinkandikanika. Akatswiri aja akanangoyang'ana kamodzi n'kumuseka, munthu wa zaka zake, ndipo iye akanadziwa kuti Zuze anaona koma anakhala chete.

Lachisanu masana atsibweni anabwera kudzapangana za mawa lake. Anakhala ndi bwana pakhonde, amakaniki awiri akukonza injini chapafupi. Ndinabweretsa tiyi, kenako ndinayala nsalu patebulo ndi kundandalika a Chindevu atatu aja. Ndinapempha bwana ayang'ane pansi pa chibwano. Anayang'ana nthawi yaitali. Anati mng'alu wotere ukhoza kuchokera pa chidindo chosweka. Ndinamuonetsa kamzere ka m'mphepete, anati ndi kudyeka kwa madzi. Ndinati tiike pasikelo, zinalemera kuposa zake, anati ndi matope otsalira. Chilichonse chimene anandiphunzitsa yekha anachikana tsiku limenelo. Atsibweni anangoti, "Bwana, mwana uyu mtima wake mumaudziwa. Nsanje yamugwira."

Bwana anafiira. "Zuze, ndinakuphunzitsa ndine. Lero ukufuna kundiphunzitsa? Pita kukhitchini. Mawa utenge katundu wako."

Magazi anakwera monga kale, makutu kulira, manja kutentha. Koma ulendo uno sindinaponye kanthu. Ndinatsika pakhonde, ndinapita pa bokosi la amakaniki, ndinatenga sizasi yodulira malata. Pobwerera ndinkadziwa bwino chimene ndikuchita. M'kati mukanapezeka siliva, ndiye kuti ndawononga chuma cha eni pamaso pa mboni, ndipo kogona kwanga kukanakhala kupolisi. Atsibweni anaimirira kuti andigwire, koma anachedwa. Ndinatola Chindevu mmodzi ndi kumudula pakati.

Sizasi inadutsa ngati ikudula sopo. M'kati munali motuwa, mofewa. Ndinatenga chidutswa chimodzi ndi kuchikhwekhwereza pa kalata ya bwana ija, chinasiya mzere wakuda ngati pensulo. Unali mtovu, womwe uja asodzi amasungunula kuchokera m'mabatire akale kuti apange zolemetsa ukonde, kunja atangoupaka zoyera ndi kuukwirira m'khola kuti ude. Mmodzi wa amakaniki anayandikira, anakanda ndi chikhadabo, anati mtovu ngati umenewu ali nawo kunyumba thumba lonse.

Bwana anatambasula dzanja, ndinamupatsa sizasi. Anatola ndalama ina mumphika, yosankha yekha, anaidula ndi manja ake onjenjemerawo. Mtovu. Anadula yachitatu. Kenako anavula magalasi, anapukuta nkhope ndi malaya, ndipo ananena motsitsa kuti, "Ndimafuna zikhale zoona, Zuze. Ndinaona kamzereko Lolemba lomwe." Anang'amba kalata ija pakati.

Atatembenukira kwa atsibweni, nkhope yake inali ina. Anafunsa ngati ankadziwa. Ndinalankhula ndine, ngakhale sanandifunse. Ndinati munthu wodziwa sapereka ng'ombe yake yaikazi pogula mtovu, ndipo ngati mzungu wa mabuku ananamizika, kapitawo wa mapampu akanadziwira pati? Bwana anaganiza, kenako anati nkhani yathera pakhonde pomwepo, isapite ku ofesi. Mawa lake atsibweni anathamangira ku Makhanga, koma msodzi uja anali atawoloka kale malire, ng'ombe atagulitsa. Kumene anapeza chikombole cha nkhope ya Mroma sindinadziwe mpaka lero.

Musaganize kuti anandinyamula m'mwamba. Amakaniki aja anafalitsa nkhani kampu yonse, anthu n'kumaseka atsibweni kuti agula zolemetsa ukonde ndi ng'ombe. Amayi anatuma uthenga kuti ndavula mlongo wawo pagulu. Atsibweni ndikawapatsa moni ankayang'ana kumbali. Bwana naye anakhala masiku osatsegula kabokosi, ndipo za mawu aja akuti nditenge katundu sanabwezepo, sanabwerezenso. Ndinkangophika, osadziwa ngati ndili pantchito kapena ayi. Milungu iwiri inatha choncho.

Tsiku la mndandanda tonse tinasonkhana kutsogolo kwa wekishopu, dzuwa likuswa mutu. Wowerenga mayina anali kapitawo wamkulu. Anawerenga amakaniki, oyendetsa, alonda, aliyense womva dzina lake n'kupita mbali ina. Ine ndinaima kumbuyo. Atafika kumapeto kwa pepala anaima, anakonza kukhosi, anayang'ana bwana amene anakhala pampando pamthunzi. Bwana anangoloza pepalalo ndi chibwano.

"Sitolo," anatero atsibweni. "Zuze."

Ndinamva pambuyo pake kuti bwana anati sitolo imafuna munthu wotha kusiyanitsa chitsulo chenicheni ndi chabodza ngakhale mwini kampani atamukalipira, ndipo atsibweni sanatsutse. Sitolo imeneyo ndinaisunga mpaka tsiku lopuma ntchito, ndipo ndi imene inakuphunzitsani nonse sukulu imene ine ndinaithawa. Ogulitsa mabeyaringi a injini achinyengo ankadziwa kuti ku Mbenje kuli mdala wa galasi, ankapitirira ndi katundu wawo.

Koma tsiku lija anthu atabalalika, atsibweni anapinda pepala, anabwera pamene ndinaima. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chichitikire za mphika. Ndinavula chipewa ndi kuthokoza m'chilankhulo chakwathu kuti takhuta, atsibweni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Sizasi ija ikadali kunyumba kwa bwana," anatero. "Ndi ya kampani. Wasitolo ndiwe tsopano, kaitenge."

Ndinapita kukaitenga.